Makwerero ndi Chigoba

Pa Magaba dzuwa limatulukira m'malata.
Ine ndimaliona mochedwa, ndili chagada m'dzenje,
mimba ya galimoto ikundidonthezera oyilo pachipumi.

Lero pandigonera odwala awiri.

Woyamba ndi wa a Mudzingwa a ku Mutoko,
nkhalamba yonunkha matimati ophwanyika.
Pansi pake pagona makwerero:
mitanda iwiri yaitali, ina isanu yopingasa,
thupi lakhala pamwamba ngati nkhokwe pa miyala,
lagwidwa ndi mabauti khumi basi.
Ikalowa m'chigwembe imalira, nkwii,
kupindika ngati msana wa munthu wosenza chimanga,
ikatuluka n'kuwongoka yokha.
Pomwe pang'aluka ndimapala dzimbiri, ndimaika chigamba,
ndimawotcherera magetsi akabwera pakati pa usiku.
Imamwa dizilo ngati pamaliro a mfumu,
imagwedeza impso, imaluma matako,
koma kwawo imakafika.

Wachiwiri ndi wa Shupikai, namwino,
adalowera pa Beitbridge ali ndi zilembo za ku Japani.
Uyu alibe mafupa.
Khungu lake ndiwo mafupa ake,
denga, pansi, zipilala, zonse chinthu chimodzi,
dzira lomwe ungalifinye m'litali osalisweka.
Pa msewu wa Seke amayandama,
mafuta amangonyambita ngati mphaka.
Koma mwini wake ali ndi odwala kuseri kwa Domboshava,
kumene msewu ndi mphekesera chabe.
Miyezi isanu ndi itatu ya matanthwe,
tayala limodzi m'mwamba ngati galu pa mtengo,
lero chitseko chakumbuyo chikukana kutseka,
galasi lang'ambika kuyambira pangodya.
Ndikakoka kuno, kumakwinyika uko.
Chigoba sichipweteka malo amodzi.

Anyamata anga atsutsana kuyambira m'mawa.
Tichaona akuti makwerero ndiye galimoto,
zinazi ndi zitini za nsomba.
Ine ndangoti, patse sipanala ya seventini.

Bambo anga, a Kambalame, adachoka ku Dedza wapansi
n'kudzafera muno akulankhulabe Chishona chopunduka.
Ndiwo adandiika ndodo yowotcherera m'manja
anthu akuseka kuti mwana wamkazi adzapsa maso.
Ankati, gula mafupa mwanawe, khungu lidzabwera.
Tsiku lina pa msewu wa Mazowe
lole yawo yaing'ono idakumana ndi bulugama.
Makwerero adatuluka owongoka, tayale,
sadavomere kupindika ngakhale chala chimodzi.
Nkhonya yonse idayenda m'chitsulo
mpaka idapeza chofewa.
Chofewacho chinali chifuwa chawo.

Makwererowo alipo, atsamira khoma kuseri,
timakwerapo denga likamadontha.

Chaka chatha adatikokera chigoba china
chopindika ngati kalata yokanidwa,
injini italowa pansi, mphuno palibe.
Ndidavula chipewa, ndimvekere pepani.
Mwini wake adatsika m'galimoto yokokayo ndi miyendo yake,
mwana ali kumsana,
n'kundipempha ndimufunire kansapato kofiira
kamene kadatsalira pansi pa mpando.
Ndidakapeza. Galimotoyo tidagulitsa pa sikelo.

Tsono musandifunse cholimba n'chiti
ngati simunanene chimene mukufuna chitsale.

Shupikai wafika madzulo, yunifolomu ili ndi fumbi lofiira,
waima pamphepete pa dzenje, akuyang'ana pansi
monga amayang'anira ife tikagona kwawo.
Akuti, amai, ndigulitse? Ndigule wa mafupa?
Ndamufunsa maulendo angati pamwezi amakwera matanthwe aja,
maulendo angati amathamanga pa phula usiku,
ndipo kumbuyo kumakhala ndani.
Wawerenga pa zala, wasiya, wayambanso.

Kwinaku wina wakuwa kuti magetsi abwera.
Magaba yense wayamba kulira nthawi imodzi.
Ndatsitsa chigoba changa kumaso,
ndabwerera pansi pa nkhalamba ya a Mudzingwa,
matimati sadikira.